Jekete Yobiriwira ya Cassim

Mwanjuma anatsika basi pa siteshoni ya Msheireb ali ndi zinthu ziwiri m'chikwama: kabotolo kopanda kanthu komwe kale munali mafuta odzola, ndi foni yodzaza ndi zithunzi za mlongo wake Cassim. Linali tsiku lachiwiri la Idi yaikulu, mu Julayi 2021. M'zaka ziwiri ndi theka zimene anakhala ku Doha akugwira ntchito yam'nyumba, aka kanali koyamba kutuluka yekha, wopanda mwana wa abwana m'manja kapena matumba a kumsika.

Cassim anamwalira mu Epulo, mkati mwa Ramadani, ndi matenda a korona. Anaikidwa konkuno tsiku lomwelo, popanda wachibale woponyako dothi. Chiyambire pamenepo, amayi awo ku Namwera ankalota loto limodzimodzi: Cassim ataima pageti, osalowa, osachoka.

"Mwana ameneyu sanagone," anatero amayi pafoni. "Upite kumene anamuika, ukamuuze kuti wamukhululukira. Ukatapeko dothi pang'ono, tidzalikwirire pafupi ndi abambo ake. Shehe asamve, ndi za ine ndi iwe."

Dothilo linayenera kupezeka lero, chifukwa wolinyamula, Overtone, mlonda amene ankagona chipinda chimodzi ndi Cassim ku kampu, ankakwera ndege mawa lake. Koma kutapa dothi sikunali kovuta. Chovuta chinali mawu aja, chifukwa Mwanjuma anali asanakhululuke.

Kunyumba yoyamba imene anagwirako ku Al Markhiya, madamu anamulanda foni tsiku lofika n'kuitsekera m'kabati. Zaka ziwiri anakhala kuseri kwa mpanda wautali, mzinda akungoumva phokoso. Ngakhale phokosolo linkamuopsa. Tsiku lina mu Disembala, akuyanika zovala kuseri, anamva dzina lake likuitanidwa katatu chapatali, ndi mawu ofanana ndi a Cassim. Amayi anamuphunzitsa ali wamng'ono kuti ukamva dzina lako koma osamuona woitana, usayankhe, chifukwa majini amabwereka mawu a abale ako. Analuma mlomo, n'kuthawira m'khitchini.

Malamulo atasintha, oti wantchito akhoza kuchoka kwa bwana popanda kalata yomumasula, Mwanjuma anapeza banja lina, ndipo mu Febuluwale foni yake inabwerera m'manja mwake. Atatsegula gulu la banja lawo, anapeza zithunzi zopitirira makumi asanu ndi awiri, chimodzi Lachisanu lililonse. Cassim patsinde pa nyumba zosanja. Cassim pambali pa mabwato. Cassim atanyamula mbalame yosakira nyama. Pena pena anavala shati yoyera, pena yamizere, koma nthawi zambiri anali m'jekete yobiriwira modera, ya zigamba zachikopa m'zigongono, akumwetulira ngati mzinda wonse ndi wa amalume ake. Lachisanu lililonse! Munthu wokhala ndi nthawi yoyendera mbalame analephera bwanji kudzagogoda pageti pamene mlongo wake ankapukuta pansi?

Cassim anaimba kakhumi n'kamodzi. Mwanjuma sanayankhe. Pomaliza anatumiza mawu ojambula: "Mwanjuma, usandikwiyire. Pa Idi yaikulu ndidzakuyendetsa mzinda wonse, ndipo ndidzakuuza zonse pamaso." Idi yaikulu inali itafika, mwini lonjezo ali pansi.

"Achemwali! A Mwanjuma eti?"

Anali mwamuna wamtali, wa masiki yakuda, atanyamula mabotolo awiri a madzi.

"Ndine. Ndinu a Overtone?"

"Ndi ine, wa ku Thyolo. Pepani ndi zovuta zija, achemwali. Tinalephera n'kudzakuonani komwe." Anamupatsira botolo ndi manja awiri. "Pulogalamu ili chonchi. Manda ali ku Abu Hamour, ndimakudziwa chifukwa tchalitchi chathu chili cha komweko. Inu akazi kwanu simulowa kumanda, ine mapemphero anu sindiwadziwa. Ndiye ndagwirizana ndi Nasibu, wa m'chipinda chathu, Msilamu mnzanu. Atipeza pageti folo koloko. Panopa ndi eyiti. Malemu anandiuza kuti adzakuyendetsani tauni. Ndiye yala, tiyeni, ndimuimirire."

"Sindinabwerere kudzaona nyumba, achimwene."

"Nanga mukhala pabenchi mpaka folo? Mwatuluka m'botolo lero, onani kunja."

Anaonetsa mafoni awo kwa mlonda wapakhomo, onse akuwala mobiriwira kusonyeza kuti alibe matenda, n'kutsikira pansi. Mwanjuma anali asanaonepo malo otere. Denga linali lopindika ngati mkati mwa chigoba cha nkhono, mpweya wozizira ngati wa ku Dedza mu Juni. Overtone ankafotokoza monyadira, ngati anamanga ndi iye, kuti njanji zitatu zimakumana pomwepa ndipo sitima zake zilibe dalaivala.

"Zimayenda zokha?"

"Zokha. Ine tsiku loyamba ndinapemphera."

Mwanjuma anaseka pang'ono, n'kulekeza mwadzidzidzi. Pa masitepe oyenda okha a mbali inayo, munthu wina ankakwera pamene iwo ankatsika. Anali atawapatsa msana. Anavala jekete yobiriwira modera, ndipo pamene anaika dzanja pachogwirira, chigamba chachikopa chinaonekera pachigongono. Masitepe anamutenga pang'onopang'ono mpaka anamezedwa ndi kuwala kwa kumtunda.

"Mwatani, achemwali?"

"Palibe. Chizungulire basi."

Anakwera sitima siteshoni imodzi, n'kutulukira ku Souq Waqif, msika wa makoma adothi ndi tinjira topapatiza. Masitolo ena anali otseka chifukwa cha Idi, ena akutsegula kumene. Fungo la lubani ndi zokometsera zakudya linali paliponse, ndipo linamukumbutsa sitolo za amwenye ku Limbe. Mabanja ankadutsa atavala zatsopano, ana akuthamangitsa nkhunda pabwalo. Nkhalamba zokankha mawilibala zinakhala mumthunzi kudikira katundu. Overtone anamugulira tiyi wamkaka wotsekemera kwambiri m'kakapu kapepala, n'kumuonetsa ngamila zomangidwa kuseri kwa mpanda.

Mwanjuma ankayang'ana, koma maso ake ankangofananiza ndi zimene zinali m'foni. Khomo lamatabwa ili ankalidziwa. Nyali yamkuwa iyo ankaidziwa. Malo onse anali ngati nyumba ya munthu amene wangotuluka kumene.

"Ankabwera kuno kawirikawiri, eti?" anafunsa.

Overtone anayang'ana kumbali. "Ankakonda malo ano."

Anafika kumene amagulitsa mbalame zija. Zinakhala pamzere pa timitengo, iliyonse itavekedwa kachipewa kachikopa kophimba maso, zili duu ngati zikudikira chiweruzo. Kumapeto kwa kanjirako, pamene mthunzi unkathera, jekete ija inadutsa. Sinathamange. Inangodutsa, n'kukhota.

Mwanjuma anagwira mkono wa Overtone, chinthu chimene sakanachita tsiku lina lililonse.

"Mwamuona?"

"Ndani?"

"Wa jekete yobiriwira. Ndinamuonanso ku siteshoni."

Overtone anatsegula botolo lake, n'kumwa nthawi yaitali. "Achemwali, muno muli anthu a mitundu yonse. Majekete ndi ambiri."

"M'dzuwa lino? Achimwene, munthu wamoyo angavale jekete kunja kukutentha chonchi?"

"Kutentha komweko ndi kumene kukukuseweretsani. Imwani madzi. Tiyeni kunyanja, mukaone nsanja, kenako tikapume mozizira."

Mwanjuma anamutsatira. Amayi sanalote bodza. Cassim sanagone. Ankayendabe m'malo ake omwe aja, ndipo ankayenda chifukwa cha iye. Anayesa kunena mawu aja chamumtima, ndakukhululukira, koma anatuluka ouma ngati gaga. Mantha analipo, koma mkwiyo unali pansi pake, uli chikhalire. Ngakhale wafa, akuyendabe m'misika. Koma kudzagogoda pageti pake ayi.

Anadutsa njira yapansi pa msewu n'kutulukira ku Corniche, msewu wa m'mbali mwa nyanja, dzuwa litakwera. Kutentha kunawamenya kumaso ngati chitseko cha uvuni. Nyanja inali bata, yotuwa, mabwato amatabwa atamangidwa m'mbali. Kutsidya, nyumba zosanja zinaima m'nthunzi, zina zopindika, zina zosongoka, zikunjenjemera ngati zili m'madzi. Panalibe anthu, kupatula wosesa mmodzi patali.

Ndipo pafupi ndi chosema cha chigoba chachikulu chotsegula, chokhala ndi ngale mkati, panaima munthu uja. Anaima ndendende pamene Cassim anaima m'chithunzi chimene amayi anachikonda kwambiri: mwendo umodzi patsogolo, dzanja lamanzere m'thumba, lamanja litatambasulidwa ngati lanyamula nsanja zakutsidya. Sankagwedezeka. Panalibe womujambula.

"Achemwali, dikirani," anatero Overtone. "Ndikufotokozereni kaye."

Mwanjuma anali atayamba kale kuthamanga. Nsapato imodzi inavuka, iye osaima. Sanadziwe ngati akuthamangira kukamukumbatira kapena kukamumenya.

"Cassim!"

Munthuyo anatembenuka. Anali wamfupi kuposa Cassim, manja a jekete akumufika m'zala. Anali atatsitsira masiki pachibwano, nkhope yonse ili thukuta lokhalokha, mano awiri akutsogolo otalikirana. Pa kachipilala patsogolo pake panali foni yotsamira botolo la madzi, ndipo nthawi yomweyo inalira kuti thwa.

"Mwandiwonongera chithunzi, achemwali," anatero, kenako anamuyang'anitsitsa. Kumwetulira kunachoka. "Inna lillahi. Ndinu a Mwanjuma. Maso a Cassim enieni."

Overtone anafika akupuma mwawefuwefu, nsapato ija ili m'manja.

"Iwe Nasibu, mutu wako uli bwino? Ndinakuuza kuti lero usadutse ku Souq!"

"Nanga ndikadutse kuti, akulu? Ofu yanga ndi lero lokha. Jekete ndi yanga mpaka thwelofu, kenako ikupita kwa Mussa wa m'chipinda chathu. Mukufuna akazi anga chaka chino aone zithunzi za geti la kampu?"

"Mlongo wa mnzako wakuyesa mzukwa!"

"Ine mzukwa? Mzukwa umatuluka thukuta chonchi?"

Mwanjuma anakhala pansi pa mwala wotentha.

"Jekete ya achimwene anga mwaitenga bwanji?"

Amuna awiriwo anayang'anizana. Overtone anavula kapu yake.

"Achemwali, si ya Cassim. Ndi ya chipinda. Tilimo anthu asanu ndi atatu, jekete ndi imodzi. Anaisiya mkulu wina wa ku Machinga amene anabwerera kumudzi ife tisanafike."

"Ndiye?"

"Ndiye ntchito yathu ndi kuima pageti, thwelofu awazi, basi kudzatitenga, basi kukatitula. Kampu ili kutali, kuchipululu. Tauni ino timaiona pawindo. Ofu yeniyeni yoti n'kufika kuno imapezeka mwina kamodzi pachaka. Tsiku limenelo umatenga jekete, mashati atatu m'chikwama, n'kuzungulira malo onse kuyambira m'mawa. Apa jekete, apo shati yoyera, apo yamizere. Umajambula za chaka chonse. Kenako umatumiza chimodzi chimodzi."

"Lachisanu lililonse," anawonjezera Nasibu motsitsa mawu. "Kuti kumudzi asamadandaule. Ndi chinsinsi cha chipinda, sitiuza akazi. N'chifukwa chake akuluwa amakuzembani."

Mwanjuma anatulutsa foni. Anayang'ana chithunzi cha mabwato, cha mbalame, cha chigoba. Tsitsi linali lofanana m'zonse. Kachilonda kometera pachibwano kanali pomwepo m'zonse, pafupifupi zaka ziwiri osapola. Anali atazipenya usiku ndi usana ndi maso amkwiyo, koma zimenezi sanazione.

"Tsiku limodzi," anatero.

"Limodzi," anavomera Nasibu. Anavula jekete, shati yam'kati itanyowa yonse, n'kuitembenuza. Nsalu yam'kati inali yodzaza ndi maina olembedwa ndi bolopeni, ena ofufutika, lililonse ndi tsiku lake. "Aliyense akavala amasaina. Onani apa."

Cassim, 12 Ogasiti 2019. Zilembo zake zopendekera zija.

"Anavalanso kachiwiri. Dzina lili m'munsimu."

Cassim, 18 Disembala 2020. Pambali pake, m'malo mwa Souq kapena Corniche monga analembera ena, panali liwu limodzi: Markhiya.

"Linali tsiku la holide ya dziko lino," anatero Nasibu. "Tonse tinkapita kukajambula, iye akuti ayi, ndikukafuna mlongo wanga. Ndinamuperekeza. Anavala jekete kuti alonda a m'mageti amuone ngati munthu. Koma adiresi analibe. Amayi anu anangomuuza kuti nyumba imene mukugwirako ndi ya geti lakuda, pali mtengo wa maluwa ofiira. Achemwali, ku Markhiya geti lililonse ndi lakuda! Tinagogoda, ena kutithamangitsa, ena mafi, mafi, kulibe. Titatopa, iye anayamba kungoitana. Msewu uliwonse amaima pakati, katatu, Mwanjuma! Ine kumuuza kuti ase, atimanga, kuno si ku Namwera. Iye akuti akandimva ayankha, mawu anga amawadziwa."

Mwanjuma sanalire. Anangomva kuzizira kukukwera kuchokera kumapazi, pakati pa dzuwa lonse lija. Anaona chingwe cha zovala, shiti yonyowa m'manja mwake, mpanda woyera. Anamva kukoma kwa magazi pamlomo umene analuma.

"Inali nthawi yanji?"

"Cha m'ma leveni. Bwanji?"

"Ndinamumva."

Bwato lina linagunda pakhoma pang'onopang'ono.

"Ndinamumva katatu. Ndinayesa majini."

Overtone anaika nsapato ija pafupi ndi phazi lake. Nasibu anapinda jekete mosamala, maina ali mkati, n'kukhala nayo m'manja ngati sakudziwa koiika.

"Mussa adikira," anatero pomaliza. "Lero ipite nafe."

Anadikira dzuwa lipepe m'siteshoni yozizira. Itakwana nthawi anakwera sitima, kenako basi, kudutsa masitolo a matayala ndi mabwalo amchenga, mpaka mzinda wa m'zithunzi unatsala m'mbuyo. Manda anali ndi mpanda wautali woyera ndi geti lachitsulo. Mwanjuma anaima panja pake. Kudzera m'mipata anaona mizere ya timiulu totuwa, topanda mtengo, topanda udzu, tofanana tonse.

Nasibu anatenga kabotolo kaja ndi kapepala ka nambala ya manda kamene Overtone anasunga m'Baibulo lake miyezi itatu.

"Ndikafika ndikuimbirani," anatero. "Ndiika foni pansi, pafupi ndi kumutu. Mulankhule zanu, ine ndipita patali."

Analowa atakoleka jekete paphewa. Mwanjuma anaiyang'ana ikuchepa pakati pa mizere mpaka inasanduka kadontho kobiriwira. Overtone anapita kukaima pamthunzi wa mpanda, n'kumupatsa msana.

Foni inalira. Anaiika kukhutu. Anamva mapazi a Nasibu akuchoka pamiyala, kenako mphepo yokha, ikupita ndi kubwera ngati munthu wopuma m'tulo.

Mawu amene amayi anamutuma anali okonzeka pakamwa. Koma anazindikira kuti si amene ankadikiridwa. Anagwira chitsulo cha geti, chotentha, n'kutsitsa masiki.

"Wawa, achimwene," anatero. "Ndili pano. Ndakumvani."

Anadikira. Ananenanso kachiwiri, mokweza, ndi kachitatu, mpaka mlonda wa pamandapo anasuzumira pawindo la kanyumba kake n'kubwereramo. Kenako misozi inabwera, ndipo pamodzi nayo zina zonse: kuti palibe chowakhululukira, kuti iwo ndiwo amukhululukire, kuti chigoba chija wachiona, mbalame waziona, sitima yopanda dalaivala wakwera, kuti tsopano alowe, amayi atopa kuwaona ali pageti.

Nasibu anatuluka patapita nthawi, mawondo a buluku ali mbuu. Kabotolo kanali kodzaza theka ndi dothi loyera, la timiyala.

"Ndi louma ngati simenti," anatero. "Ndakumba ndi kiyi."

Mwanjuma anakalandira ndi manja awiri. Kanali kofunda. Anakatseka mwamphamvu, n'kukakulunga m'mpango wake, koma sanakapereke msanga kwa Overtone. Anakagwira pachifuwa ulendo wonse wa pa basi.

Pa siteshoni, posiyana, Overtone anakaika m'thumba lam'kati la chikwama chake.

"Ndikafika ku Namwera ndiwauze chiyani amayi? Za jekete ndinene?"

Mwanjuma anaganizira chithunzi cha chigoba, chimene amayi anachitsukitsa n'kuchipachika pakhoma.

"Za jekete musiye. Mukawauze kuti anandiitana, ndipo ndayankha."